Galimoto Ili pa Inshuwalansi, Nanga Munthu?

Loweruka lina mlamu wanga, yemwe amasenza matumba pa kampani ina ku Kanengo, adagundidwa ndi minibasi ali pa kabaza pochokera kumsika. Mwendo udathyoka pawiri. Lolemba lake anzake adayendetsa pepala la zopereka, aliyense n'kulemba dzina ndi kangachepe komwe adali nako. Abwana adalemba dzina lawo pamwamba penipeni. Ndalama zonsezo zidathera m'mayendedwe a mchemwali wanga popita ndi phala ku chipatala.

Nditapita kukafunsa za chipukutamisozi, adandiyankha mwaulemu kuti ngoziyo sidachitikire pa ntchito. Sadaname. Lamulo la chipukutamisozi cha ogwira ntchito la 2000 limateteza munthu amene wavulala akugwira ntchito ya bwana wake. Lamulo la ntchito la chaka chomwecho limapatsa wodwala amene wakwanitsa chaka pantchito masabata 4 a malipiro athunthu ndi ena 8 a theka. Akatha masabata 12 amenewo, fupa lisanalumikizane, banja limadya chiyani? Ngakhale lamulo la penshoni lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011 lidakakamiza olemba ntchito kugulira antchito awo inshuwalansi ya moyo, imeneyo imathandiza munthu akamwalira. Wotsala ndi ndodo m'khwapa sapezapo kanthu.

Chomwe chimandipsetsa mtima n'chakuti mankhwala a vutoli alipo. Makampani a inshuwalansi amagulitsa inshuwalansi ya ngozi ya gulu. Wolemba ntchito amalipira kamodzi pachaka m'malo mwa antchito onse, ndipo akasankha yoteteza usana ndi usiku, wantchito amatetezedwa kaya ali ku ntchito, kumunda kapena pa ulendo wa kumaliro. Akavulala, akalumala kapena akafa pangozi, ndalama zimatuluka molingana ndi mgwirizano. Popeza ogula ndi ambiri pamodzi, mtengo wa munthu mmodzi umatsika.

Abwana ena amati n'zodula. Koma abwana omwewa saiwala inshuwalansi ya lole, ya nyumba yosungiramo katundu, ngakhale ya makompyuta. Lole ikagwa amaimba foni tsiku lomwelo. Woisenzetsa matumba akagwa amayendetsa pepala. Kodi chitsulo chidaposa liti munthu? Ndipo akulu-akulu amene amakana izi m'misonkhano, ambiri mwa iwo ali ndi makadi a chipatala olipiridwa ndi kampani. Mlonda, mesenjala ndi wosesa, amene amayenda pansi m'bandakucha kapena kukwera njinga yamoto yopanda chipewa, ndi amene alibe chilichonse.

Nafenso antchito tili ndi mlandu. Ine ndakhala m'boma zaka zambiri, ndipo ndamva anzanga akunena kuti kulemba dzina pa inshuwalansi n'kudziitanira tsoka. Ena amati bola atipatse ndalamazo pamanja. Pokambirana za malipiro timalimbira alawansi ndi ndalama ya nkhomaliro, za ngozi ayi, ngati kuti ife tidapangana ndi msewu wa M1.

Sindikunyoza pepala la zopereka. Ndi umunthu wathu, ndipo nane ndimalembapo. Koma chifundo cha anthu osauka chisakhale pobisalira olemba ntchito. Mabungwe a antchito aike nkhaniyi patebulo, ailembetse m'mgwirizano wa ntchito. Mlamu wanga lero amagulitsa tomato pakhonde, mwendo ataukhazika pa mpando. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.