Imelo ya kalabu isachoke ndi mlembi

Ulimi wa tiyi ku Thyolo masiku ano ukufunanso makalata. Gulu ngati la alimi a Msuwadzi, lomwe limagulitsa masamba ake ku Satemwa, esiteti yomwe idayamba mu 1923, limayenera kulemberana ndi fakitale, banki ngakhalenso a Fairtrade. Nawo makalabu ang'onoang'ono a m'midzi yozungulira Makandi, Conforzi ndi Naming'omba akamapempha ngongole kapena thandizo, pafomu pamakhala mzere wolembapo imelo. Poti zinthu zimafuna changu, mlembi amangolembapo Gmail yake, basi nkhani yatha.

Mavuto amayamba chisankho chikachitika. Mlembi wakale wagwa, kapena wanyamuka ulendo wa ku Johannesburg, koma makalata a gulu akupitabe m'foni mwake. Kalata yoitana ku msonkhano yafika, palibe waiona. Tsiku lotsekera mafomu ladutsa. Komanso kuyambira Disembala 2023, Google ili ndi ufulu wofufuta akaunti yomwe yatha zaka ziwiri osatsegulidwa. Mapangano onse a gulu akhoza kupita nayo.

Mankhwala ake ndi oti gulu likhale ndi dzina lakelake pa intaneti, lomwe amati domain, monga dzinalagulu.mw, poti .mw ndi chizindikiro cha Malawi. Dzinali mumalipira chaka ndi chaka. Mukakhala nalo, pali njira ziwiri zolandirira makalata: alias ndi forwarding. Ambiri amazisokoneza, koma ndi zosiyana.

Alias ndi dzina lina la bokosi lomwelo. Ganizirani mayi mmodzi yemwe kutchalitchi amati amayi a mvano, kumudzi amati anaphiri, kunyumba amati make mwana. Muitane dzina lililonse, wotembenuka ndi yemweyo. Chimodzimodzi, mlembi@dzinalagulu.mw ndi malonda@dzinalagulu.mw zikhoza kugwera m'bokosi limodzi, pasiwedi imodzi. Makalata amakhala pamodzi, ndipo mukayankha, wolandirayo amaona dzina la gulu. Kuipa kwake, bokosilo nthawi zambiri ndi lolipira. Pa Google Workspace mumalipira pamwezi pa munthu aliyense, ngakhale munthu mmodziyo amaloledwa ma alias ofika 30 osaonjezera ndalama.

Forwarding ili ngati mmene makolo athu ankalandirira makalata kudzera pa bokosi la positi la esiteti kapena la sukulu. Kalata imafika pa ofesi, kenako wina n'kukaitula kwa mwiniwake. Kalata yopita ku mlembi@dzinalagulu.mw imatumizidwa ku Gmail ya amene ali pampando panthawiyo. Akasintha, mumangosintha kolowera, a ku banki osadziwa n'komwe. Makampani ngati Cloudflare amachita zimenezi mwaulere ngati domain muli nayo kale.

Komatu yaulereyi ili ndi zake. Choyamba, mlembi akangodina kuyankha, kalata imatuluka ndi Gmail yake, pokhapokha munthu wodziwa atakonza kuti izituluka m'dzina la gulu. Wolandira uja amasunga adiresi yaumwiniyo, ndiye mwabwerera pomwe munali paja. Chachiwiri, makompyuta olandira makalata amafufuza ngati kalata yachokeradi komwe ikunena, ndipo yodutsa pamkhalapakati nthawi zina imaponyedwa ku Spam. Chachitatu, makalata akale amatsalira m'bokosi la mlembi wakale. Wochoka mokwiya sangakupatseni.

Ndiye musankhe iti? Dzifunseni funso limodzi: makalatawa adzafunikanso chaka chamawa? Ngati ndi mapangano a mitengo, malisiti kapena malipoti oti adzaonedwe ndi ofufuza mabuku, lipirani bokosi limodzi la gulu, maudindo onse akhale ma alias. Mlembi akasintha, musinthe pasiwedi tsiku lomwelo. Ngati ndi bizinesi ya pabanja, monga nazale ya mbande kapena nyumba yogona alendo, pomwe wowerenga makalata ndi inu nomwe ndipo simukuchoka, forwarding ikukwanirani. Domain yomweyo mukhozanso kuilozetsa ku tsamba lanu la Facebook, kuti wolemba dzina lanu pa intaneti azifikira kumeneko.

Njira zonsezi zimaima pa mwendo umodzi: domain. Mukaiwala kulipira, alias ndi forwarding zimafera limodzi, ndipo pakapita nthawi munthu wina akhoza kugula dzina lanulo. Choncho musalole kuti mnyamata wokuthandizani za kompyuta alembetse m'dzina lake, ngakhale akhale mphwanu. Lembetsani m'dzina la gulu, wapampando ndi msungichuma onse adziwe polowera, ndipo tsiku lolipira lilembedwe m'buku la maminitsi, pafupi ndi tsiku la chisankho.