Umishonale suyambira pa bwalo la ndege

Mwana wa mlongo wanga anandipeza ndikutonola chimanga pakhonde, m'mwezi wa Meyi chaka chatha. Anagwada chapatali, nati, "Atsibweni, ndapempha kumpingo kuti ndipite ku Mozambique miyezi isanu ndi umodzi, ndikathandize ntchito ya Mulungu. Amayi ati ndiyambe ndamva kwa inu."

Ndinaseka. Mozambique? Ife a ku Chadiza kumeneko timakutcha kunja? Anthu akwathu ena amalima dimba tsidya lino, maliro nkukalira tsidya linalo. Ndinamufunsa ngati anzake opita ku America kapena ku Korea anamusiya chifukwa chosowa ndalama ya ndege. Sanayankhe. Lero kuseka kuja ndimachita nako manyazi.

Tinakula tikudziwa kuti mmishonale ndi mzungu wa galimoto, wobwera ndi mankhwala ndi mabuku. Sitinalakwe kwenikweni, pakuti ndi zimene makolo athu anaona pamene a Dutch Reformed Church anatsegula Magwero mu 1899, kenako Madzimoyo, Nyanje, mpaka Nsadzu wathu yemweyu mu 1908. Koma funsani nkhalamba kuti ndani anafika m'mudzi mwawo ndi uthenga. Sadzatchula mzungu. Adzatchula mphunzitsi wachikuda amene anabwera wapansi, mphasa kumutu, nkuyamba sukulu pansi pa mtengo. Ambiri a iwo anali anyamata, ndipo mayina awo sanalembedwe pa khoma lililonse. Timakumbukira Justo Mwale, amene anadzozedwa ubusa mu 1929, chifukwa dzina lake lili pa sukulu ya abusa ku Lusaka. Anzake aja anangopita ndi mphepo.

Mtsikanayo anapita. Anakwera basi ku Chipata, nadutsa pa Mwami, Lilongwe ndi Dedza, mpaka kufika ku Angonia, kufupi ndi Vila Ulongwe. Malire awiri tsiku limodzi, koma kulikonse ankapereka moni wa Chichewa nkuyankhidwa. Ananyamuka ndi kope lodzaza maphunziro a Sande Sukulu, ali ndi mtima wokaphunzitsa. Mwezi woyamba kopelo silinatsegulidwe. Anatunga madzi, anapalira mbatatesi m'munda wa banja limene linamusunga, anadwala malungo, ndipo pamsika ana aang'ono ankamuseka chifukwa mitengo ya zinthu ogulitsa ankaitchula m'Chipwitikizi, iye osamva kanthu. Anandiimbira foni akulira: "Atsibweni, kuno sakundifuna." Ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale kuti mumtima ndinali nditayamba kuwerenga ndalama yomubwezera kumudzi.

Chimene chinamusintha ndi gogo wina amene ankakhala naye pa mkeka madzulo. Anamufotokozera kuti mishoni ya Mphatso inatsegulidwa mu 1909, ndipo Apwitikizi anaitseka mu 1922 nkuthamangitsa amishonale. Zaka zambirimbiri mpingo unakhala wopanda mbusa. Akulu ampingo ndiwo ankasonkhanitsa anthu, ndipo ofuna ubatizo kapena mgonero ankadutsa malire wapansi kupita ku Nyasaland. Pambuyo pake kunabwera nkhondo imene inatha mu 1992, yomwe ife a kuno tikuikumbukira bwino, popeza othawa anagona m'makhonde mwathu. Tsono mwana wa zaka 22 wochokera ku Chadiza akawaphunzitsa chiyani anthu otere za kupirira m'chikhulupiriro?

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ena mumpingo. Iwo amati wachinyamata wopita kunja akhale ndi chopereka: luso, ndalama, ulaliki wamoto. Ine ndikuti apite ngati wophunzira, ndipo akhalitse. Taona magulu a achinyamata, akunja ndi athu omwe, akubwera sabata ziwiri, kupaka penti khoma la tchalitchi, kujambulitsa ndi ana amasiye, zithunzi nkuziika pa Facebook asanafike n'komwe kwawo. Khomalo akanapaka mnyamata wa pamudzi pomwepo, nkupezapo ya sopo. Sindikuti mitima yawo ndi yoipa ayi. Koma mlendo wa sabata ziwiri amaphikiridwa nkhuku tsiku lililonse, ndipo amachoka asanaone mmene banjalo limadyera nkhuku zikatha.

Palinso makolo amene amaona umishonale ngati khomo la viza. Mwana akapita ku Ulaya m'dzina la mpingo, kunyumba amayamba kuwerengera malata. Nanga akasankha Tete kapena Niassa, nkhope zimagwa. Ine ndemwe ndinali mmodzi wa iwo, choncho ndikudziwa chimene ndikunena.

Mkulu wina anandifunsa funso lolemera: bwanji kutumiza ana kutali pamene midzi ya kwa Mlolo, kwa Mwangala ndi kwa Zingalume ili ndi nyumba zopemphereramo zimene mbusa amafikako mwa apo ndi apo? Funsoli silopusa. Koma mwana amene sanachokepo pakhomo amaganiza kuti mapemphero a kwawo ndiwo okhawo olondola. Wathuyu anabwerako wodziwa kukhala chete pamaso pa akulu, wodziwa kulowa pa siwa osayamba ndi kulalikira, ndipo tsopano ndiye amapalasa njinga kupita kumidzi yomwe mkulu uja amaidandaula. Ndiponso Ogasiti aliyense timakumana ku Mkaika pa Kulamba, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Ngati mfumu imatha kusonkhanitsa ana ake a mayiko atatu, mpingo ungalephere bwanji kubwerekana achinyamata?

Chokhacho, tisamatumize mwana ngati tikutaya mwala m'chitsime. Pasipoti ikhale yeniyeni, osati kudalira njira zam'tchire poti tonse ndi pachibale. Kumene akupitako kukhale banja lodziwika ndi mkulu woyankha za iye, makamaka akakhala mtsikana. Ndalama ichokere kumpingo umene wamutuma. Wathuyu anayenda ndi ndalama ya mtedza umene amayi a Chigwirizano anasonkha, aliyense kambale kake, ndipo atabwerako anakaima pamaso pawo kufotokoza mmene anaidyera. Akanalipiriridwa ndi mlendo wa kutsidya kwa nyanja, lipotilo likanapita komweko, m'Chingerezi.

Mwezi wamawa akulu ampingo tikambirana za mnyamata wina amene wapempha kupita cha ku Furancungo. Ndidzakweza dzanja kuvomera, koma ndidzapempha kuti akakhale chaka chathunthu, aone dzinja ndi chilimwe chomwe. Matumba awiri a soya ndaika kale padera.