Takaful Sidzagwa Ngati Mvula

Mnyamata wina amene tidamuphunzitsa Qur'an kumadrasa ku Bangwe adalembedwa ntchito ya ukalaliki pakampani ina ya inshuwalansi mumzinda wa Blantyre. Atatumiza malipiro ake oyamba kumudzi ku Mangochi, bambo ake adabweza ndalamazo, nati m'nyumba mwawo simulowa haraam. Lero mnyamatayo akugulitsa kaunjika ku Limbe.

Bambowo sitikuwanyoza. Mu 1985 akatswiri a malamulo a Chisilamu a Islamic Fiqh Academy, atakumana ku Jeddah, adagamula kuti inshuwalansi yamalonda njoletsedwa, pakuti munthu amagula chinthu chimene sakudziwa ngati adzachilandira. Maulama ena amatchulaponso riba. Koma chigamulo chomwecho chidaloleza inshuwalansi yothandizana, chidalimbikitsanso Asilamu kuikhazikitsa. Ife tidaloweza theka loyamba, lachiwirilo tidalitaya.

Inshuwalansi yothandizanayo ndiyo takaful. Anthu amasonkha ndalama m'thumba limodzi monga chopereka, wogwa m'tsoka amathandizidwa kuchokera momwemo, zotsala zimakhala za osonkhawo, ndipo thumbalo silikongozedwa pachiwongoladzanja. Sudan idatsegula kampani yotere mu 1979, Malaysia idakhazikitsa lamulo lake mu 1984.

Nanga kuno adzayendetse thumba lotere ndani? Ukulu wa kampani ya inshuwalansi saulandira ngati ufumu. Munthu amayamba ndi kulemba mafomu, kenaka amaphunzira kuyeza kukula kwa ngozi ndi kufufuza madandaulo a ogwa m'tsoka, akulemba mayeso a Insurance Institute of Malawi, kufikira atapatsidwa nthambi, pambuyo pake kampani yonse. Ndi ulendo wa zaka zambiri. Kampani ya NICO yakhala ikusula anthu otere chiyambire 1971. Reserve Bank, imene imayang'anira makampaniwa, imafuna atsogoleri odziwa ntchito. Kudziwa Chiarabu kokha sikukwanira.

Tidzifunsenso moona mtima. Msilamu wa minibasi ku Ndirande kapena ku Machinjiri amalipira inshuwalansi chifukwa lamulo la pamsewu limatero, ndipo timati ndi darura, kukakamizidwa. Ndalama zathu zimaloledwa kulowa pakhomo limene ana athu tawaletsa kulowapo. Kunyanja nako, mwera ukamiza boti ndi injini yake, banja la msodzi limatsala ndi kapepala koyenda nako m'mizikiti pa Jumu'ah.

Tikupempha mashehe athu akhale pansi ndi Asilamu odziwa zachuma, atiuze momveka: ndi ntchito ziti m'makampaniwa zimene mwana angagwire ndi niya yophunzira, ndipo malire ake ali pati? Kungoti haraam n'kutembenuka n'kosavuta, koma sikubweza boti lomira.

Inu makolo, mwana akabwera ndi kalata yotere, musafulumire kutseka chitseko. Pitani naye kwa shehe wodziwa za fiqh ya malonda. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo amene adzatsegule takaful ku Mangochi, Insha Allah, ayenera kuyamba wakhala kalaliki penapake.