Tsace Lisadikire Kolera

Mvula ili pafupi, ndipo posacedwa tiyamba kumva akuluakulu a zaumoyo pa wailesi akuticenjeza za kolera. Nyuzipepala ino ifuna kulankhula nanu, abale ndi alongo a m'midzi, nthendayo isanafike, pakuti taona kuti m'dziko lathu muli cizolowezi coipa cakuti timagwira tsace pokhapokha maliro akayamba kutuluka m'nyumba.

Umboni wake susowa. M'caka ca 2007, Pulezidenti Levy Mwanawasa anakhazikitsa nchito yosesa dziko lonse kuti Zambia akhale waukhondo ndi wathanzi. Anthu anasesa, koma changu cinazirala ndipo zinyalala zinabwerera m'malo mwake. Mu Okutobala 2017 kolera inabuka mu Lusaka, makamaka m'makomboni a Kanyama ndi Chipata (tikunena komboni ya mu Lusaka, osati tauni ya kum'mawa). Anthu oposa 5,000 anadwala ndipo oposa 100 anamwalira. Boma linatuma asilikali kukacotsa milu ya zinyalala m'misika, ogulitsa m'miseu anacotsedwa, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Mu Epulo 2018 Pulezidenti Edgar Lungu anayambitsanso nchito ija, ndipo Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse linaikidwa kukhala tsiku losesa. Koma mu Okutobala 2023 nthendayo inabweranso mwaukali woposa kale: oposa 20,000 anadwala, oposa 700 anatisiya, ndipo bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala.

Kodi mtundu wa anthu aufulu uyenera kudikira msilikali kuti adzauuze kusesa pakhomo pake? Ife tikuti ai.

Tinene zoona pano, kuti tisanamizane. Pepala lotayidwa silibala kolera. Kolera imayenda m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzana ndi cimbudzi ca munthu wodwala. Nchito ya zinyalala ndiyo kuitsegulira njira: zimatseka ngalande, madzi a mvula amasefukira, nakokolola zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'chire mpaka kuzitsira m'zitsime zosazama zimene timamwamo. Pa mulu wa zoola ndi pamene nchenche zimaswana, ndipo nchenche siipempha cilolezo pocoka pamenepo kukatera pa nsima ya mwana. Conco wosesa amene alibe cimbudzi wagwira theka la nchito, cimodzimodzinso mwini cimbudzi amene pakhomo pake pali mulu wa zinyalala.

Tidziwa kuti ena mwa inu mukuti izi n'za anthu a m'tauni, kuno kumudzi malo ndi aakulu. Mau amenewa anali oona masiku a makolo athu. Kudzala kwa agogo kunkapita zitsononkho, makoko a nshawa, phulusa, mapale ndi licero lakutha. Zonsezi nthaka inkazilandira, ndipo dzungu lonona kwambiri m'mudzi linkamera kudzala komweko. Lero yendani pa msika uliwonse wa m'mbali mwa mseu waukulu wa kum'mawa, kucokera ku mlatho wa Luangwa kudzera ku Nyimba, Sinda ndi Katete, muone zimene mphepo ikuulutsa. Ndi timatumba ta pulasitiki tothiramo mafuta ndi mcere, mabotolo oponyedwa pa mawindo a basi, mapepala a mabisiketi ndi matewera a ana ogwiritsa nchito kamodzi. Izi nthaka siizidziwa. Mudzazikwirira caka cino, ndipo khasu lidzazifukula zili zamphumphu ana anu atakula.

Mlimi woweta ndiye amalipira moyamba. Mbuzi kapena ng'ombe ikamva fungo la mcere pa kathumba imameza, ndipo pulasitiki sagayika m'mimba. Ciweto cimaonda pang'onopang'ono ngakhale msipu uli wambiri, mwini wake nataya ndalama pa mankhwala a njoka za m'mimba, mwinanso kuyamba kukayikira mnansi wake. Pokacisenda ndi pamene amapeza mpukutu wa mapulasitiki wolimba ngati cingwe. Ng'ombe yolima ikafa motere mu Novembala, banja lonse lalowa m'njala. Cigubu cosweka ndi tayala lakutha zimasunga madzi oswaniramo udzudzu. Ndipo pali cina coopsa kuposa zonse, cimene alimi a thonje ndi a matimati ayenera kumva bwino: botolo lotsala la mankhwala opopera. Taona mabotolo otere akusungiramo mcere, mkaka ndi madzi a mwana opita nao kusukulu. Botolo limenelo liyenera kutsukuluzidwa katatu, madzi ake n'kuthiridwa m'pampu yopopera, kenaka libooledwe kuti wina asalitole.

Lamulo lilipo. M'caka ca 2018 Boma linaletsa kupanga ndi kugulitsa timatumba topyapyala tosakwana ma micron 30. Koma lamulo lilibe miyendo yofika pa kantemba kalikonse ka m'mudzi. Cimene cingafike kumeneko ndi dengu. Mai amene anyamula dengu kapena thumba la nsalu popita kumsika, nakana kathumba pa cinthu ciliconse cimene wagula, wacepetsa zinyalala zisanabadwe, ndipo wathandizanso nkhalamba yoluka madengu kupeza ya sopo. Kusesa n'kwabwino, koma mudzi umene ulowetsa mapulasitiki tsiku lililonse udzasesa mpaka tsace litatha.

Kugwirira nchito pamodzi popanda malipiro sitinakuphunzire kwa alendo. Makolo athu anali ndi dima. Ankalambula njira ya kumanda ndi kufula citsime onse pamodzi, nyakwawa ali patsogolo. M'masiku athu ano, Mfumu Macha ya kwa Choma inayenda mudzi ndi mudzi kulimbikitsa anthu ake kukumba zimbudzi ndi manja ao, ndipo m'caka ca 2009 dera lake linadziwika kuti anthu aleka kudzithandiza m'chire. Ku Rwanda, kumene timatumba ta pulasitiki tinaletsedwa mu 2008, anthu amatuluka Loweruka lomaliza la mwezi kukagwira nchito ya onse yochedwa Umuganda, ngakhale kuti kumeneko lamulo limakakamiza. Ife tingakonde kuti kwathu kuno munthu atuluke cifukwa camulowa m'mutu, osati poopa cindapusa.

Tsono tiyenera kudzudzulana. Kawirikawiri tsiku losesa likafika, amene amatuluka ndi azimai ndi ana a sukulu, pamene azibambo ali pansi pa mtengo kusewera nsolo, ngati kuti botolo la mowa lili m'ngalandemo anamwa ndi mwana wa giredi 3. Alipo atsogoleri ena amene amagwira fosholo kwa mphindi ziwiri pamene mlendo wa ku boma alipo, galimoto ikangonyamuka naonso azimiririka. Aliponso amene amayamba afunsa kuti alawansi ndi zingati. Inu apampando a nthambi, inu a m'makomiti a citukuko a m'mawadi, anthu sayang'ana pakamwa panu, amayang'ana kuseri kwa nyumba yanu. Ngati kulibe dzenje la zinyalala, thandala la mbale ndi cimbudzi cokhala ndi cobvundikira, musaitanitse msonkhano wa ukhondo kufikira mutakonza kwanu.

Komanso tisalole kuti thukuta la odzipereka likhale cophimba ulesi wa maofesi. Wogulitsa pamsika amalipira msonkho, ndipo ali ndi ufulu wofunsa khonsolo kuti zinyalala zimene anthu aunjika zidzacotsedwa liti, ndi kuti cimbudzi ca pamsika cidzamangidwa liti. Palibe cofooketsa anthu ngati kusesa m'mawa wonse, kenaka mulu uja ukhala sabata zitatu mpaka mbuzi ndi mphepo zitaumwazanso. M'caka ca 2022 thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Zofuna za anthu zimayambira ku komiti ya wadi. Amene sapita kukanena kuti msika wao ufunika cimbudzi ndi malo osungirako zinyalala asadabwe ndalamazo zikapita kwina.

Pa Loweruka lomaliza la mwezi uno, nyakwawa iliyonse iitane mudzi wake m'mamawa, amuna ndi akazi. Yambani ndi pacitsime, kenaka kusukulu, pamsika ndi ngalande za m'mbali mwa njira. Khomo lililonse likumbe maenje awiri. Loyamba likhale la zoola, monga makoko, masamba, phulusa ndi ndowe, zimene pakapita miyezi zidzabwerera kumunda monga manyowa. Laciwiri, lakuya ndi lochinga kuti ziweto zisafikeko, likhale la mapulasitiki, magalasi ndi mabatire. Musaoche mapulasitiki pafupi ndi nyumba kapena kukolezera moto wophikira, pakuti utsi wake umaononga cifuwa. Maenje onsewa, pamodzi ndi cimbudzi, akhale kumunsi kwa citsime ndiponso patali mamita osacepera 30. Mlembi wa mudzi alembe maina a makomo amene atsiriza, ndipo mainawo awerengedwe pa bwalo mwezi wotsatira, mfumu ili pomwepo.