Siyani Kupempha Mfuti mu Subnautica

Anzanga ambiri osewera Subnautica amadandaula chinthu chimodzi: bwanji mulibe mfuti? Ine ndikuti dandaulo limeneli n'lopanda mutu.

Gemu imeneyi, yomwe kampani ya Unknown Worlds inatulutsa mu 2018, imakuponyani m'nyanja ya pulaneti 4546B chombo chanu cha Aurora chitagwa. Poyamba mpweya umakutherani pa masekondi 45 okha. Mumatola titanium ndi copper pansi pa nyanja, n'kupanga mpeni, thanki ya mpweya, kenako kasitima ka Seamoth. Chilombo cha Reaper Leviathan chikabangula mumdima, chanu n'kuthawa basi.

Charlie Cleveland, yemwe anatsogolera ntchitoyi, anakana dala kuikamo mfuti atakhudzidwa ndi kuphedwa kwa ana pasukulu ya Sandy Hook ku America mu 2012. Ena amati analowetsa ndale m'masewera. Nanga magemu otiphunzitsa kuti vuto lililonse limatha ndi chipolopolo, amenewo alibe ndale?

Mfuti ikanaipha gemuyi. Wamfuti saphunzira kanthu za nyama imene wakumana nayo. Wopanda mfuti amaiyang'anitsitsa, amadziwa kumene imakhala ndi mmene angaizembere. Mantha ndiwo amamukakamiza kuganiza.

Taonaninso mathero ake. Mutavutika mpaka kupulumuka, kampani ya Alterra, eni chombocho, imakuuzani kuti muli ndi ngongole ya makirediti 1 thiliyoni chifukwa cha zonse munagwiritsa ntchito. Ife amene ngongole ya fizi ikutidikira tikamaliza sukulu, nthabwala imeneyi timaimva bwino. Mdani weniweni sanali chilombo cha m'madzi, ndipo mdani ameneyo saopa mfuti.