Oimba zansambo tiwapatse bwalo

Loweruka lililonse kuno ku Chinsapo masipika a pazinkhoswe amapikisana kukuwa, phokoso lake kumveka mpaka kumsewu wa ku Likuni. Anthu ali kalikiliki kufupa, DJ akudula nyimbo pakati, ndipo palibe amene akumva chomwe chikuimbidwa. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa zilipo nyimbo zina zofuna kuti munthu akhale pansi ndi kutchera khutu.

Ku Ulaya nyimbo zotere anazisamala. Oimba anayi amakhala moyang'anizana, awiri ndi mavayolini, wachitatu ndi viola, wachinayi atapana chelo m'miyendo. Patsogolo pawo sipaima munthu wowalondolera ndi kandodo. Amangoyang'anana, wina akayamba mnzake n'kuyankha, wina akakweza mnzake n'kutsitsa. Joseph Haydn wa ku Austria, yemwe anamwalira mu 1809, anapeka nyimbo 68 za gulu lotere, zoimbira m'chipinda, ndipo poti anazilemba papepala, zikuimbidwabe mpaka lero.

Luso lomverana chonchi kwa ife si lachilendo. Malemu Alan Namoko wa ku Thyolo ankakhwatcha banjo ndi gulu lake la Chimvu popanda magetsi, dziko lonse n'kumamvera pa wailesi. A Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka anafika nazo nyimbo zawo mpaka ku Ulaya. Muno mu Lilongwe, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anatha zaka akuimba m'misewu asanakaimbe ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017.

Mudzaime pafupi ndi oimba otere tsiku lina muone babatoni. Ndi bokosi lokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali ndi nsambo imodzi yokha basi. Woimba amakhalira bokosilo, dzanja lina likumenya nsambo, lina likutsetsereka kufunafuna mawu. Pambali pake mnzake akukhwatcha gitala, chidendene chikugunda ng'oma. Mmodzi akangotaya kamphindi, nyimbo yonse yagwa, n'chifukwa chake khutu la aliyense limakhala pa mnzake.

Koma anyamata otere tikawapeza pamsika timaponya kandalama, osaima n'komwe, ngati kuti ndi opemphapempha. Timadikira kuti akatamandidwe kunja kaye. Nanga zoimbira zansambo monga kaligo ndi bangwe? Ana ambiri a kuno sanazionepo, ndipo woimba wake akamwalira amapita nazo kumanda nyimbo zake.

Sukulu ya nyimbo ya Music Crossroads ili pompano ku Area 23, ndipo ndikanakonda ophunzira ake atamajambula ndi kulemba nyimbo za akuluakulu amene atsala. Koma ntchito yaikulu ndi yathu eni zikondwerero. Inu a komiti ya chinkhoswe, zimitsani masipika kwa theka la ola, muitane oimba zansambo, anthu akhale pansi amvere, ndipo muwalipire monga mulipirira DJ.