Chingwe cha mbedza: chopota kapena chogula?

Amene amawedza pa damu la Lutembwe, kufupi ndi Chipata, amagula nayiloni kumsika wa Kapata, ena amasolola linya m'matayala akutha. Makolo ankapota okha. Ankapala tsamba la khonje ndi mpeni mpaka kutsale ulusi woyera, kapena kusenda nthambi zanthete za bwazi, n'kuyanika. Kenako ankapota pantchafu, tiulusi tiwiri, chikhatho chikupita kutsogolo n'kubwerera, akulavulira pang'ono kuti ulusi ugwirane. Ulusi wa bwazi si wamasewera: David Livingstone atafika ku Tete mu 1856 anachita nawo chidwi chifukwa cha kulimba kwake.

Okonda chingwe chopota ali ndi mfundo zomveka. Sichilira ndalama, ndipo khonje ukadula masamba amaphukanso. Chikakodwa pa chitsa n'kuduka, chimawolera m'madzi momwemo. Nayiloni, amene anayamba kugulitsidwa ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, sawola msanga. Akatsala m'madzi amakola miyendo ya mbalame, ndipo ukonde wotayika umapitiriza kupha nsomba zimene palibe adzadye.

Koma kuwola komweko n'kumene kunathawitsa asodzi. Chingwe cha khonje chimamwa madzi, chimalemera, ndipo ukachipinda chisanaume chimafumbwa. Nsomba zochenjera zimachiona m'madzi oyera. Mlamba waukulu wa mu Luangwa ukatsomphola, pamene panapotedwa mofooka pamaduka, ndiwo n'kupita pamodzi ndi mbedza. Munthu amene ana akudikira ndiwo sangathe tsiku lonse akupota. Komanso si luzi lililonse lopanda mlandu: kusenda mombo kapena mlambe mozungulira kumavulaza mtengo, ndipo bwazi akuvutika kale ndi okumba mizu ya mankhwala.

Choncho zingwe zonse ziwiri zili ndi wozilipira. Chopota amalipira ndi msodzi, ndi nthawi yake ndi thukuta lake. Nayiloni amalipira ndi mtsinje. Wowedza kuti agulitse sangabwerere ku khonje, ndipo kumuuza zimenezo n'kungotaya mawu. Chimene angathe n'kutola zidutswa za nayiloni wake, osazisiya pagombe. Koma mwana wowedza pa dambo la kwawo madzi atadetsedwa ndi mvula, khonje wa kumpanda amukwanira, bola apeze agogo omuonetsa kapotedwe.